Tsiku Limene Bondo Langa Linakana Kugwada

Chipsera chili pantchafu yangachi sichinachokere kwa chigawenga ayi. Ndinadzipatsa ndekha ndi chida chodzitetezera, pamaso pa amayi asanu ndi awiri a kutchalitchi kwathu.

Mnzanga wa kusukulu anandibwereka kandodo kachitsulo kooneka ngati tochi, kamene ukakakutumula kamatalika katatu. Ndinati n'kodzitetezera podikira basi ku Morley (zoona zake, ndinkafuna kudzidzimutsa achimwene akamatuluka m'bafa). Zoti lamulo la dziko lachilendo limene tinasamukirali limakaletsa anandiuza, ndinangoseka. Chimene sanandiuze n'choti kuti katsekeke, mpaka umenyetse nsonga yake pansi polimba.

Loweruka masana ndili ndekha pabalaza kwathu ku Ellenbrook, ndinakakutumula. Kanatseguka bwino, n'kuyamba ndi kumenya chigongono changa. Ndikulimbana nako kuti kabwerere, ndinamva magalimoto pakhomo. Ndinali nditaiwala kuti mapemphero a amayi ali kwathu. Komanso mami anali atalumbira, chichitikireni nkhani ya chule m'chikwama cha aphunzitsi, kuti ndikangolakwanso kamodzi akanditumiza kusukulu yogonera komweko kumudzi ku Dedza.

Ndinakasolobeka muthalauza, kuyambira m'chiuno mpaka kupitirira bondo, n'kumanga chitenje pamwamba.

Tsono mtsikana sapereka moni kwa akuluakulu ali chiimire. Nditayesa kugwada, mwendo wakumanja unakana. Mami anandiyang'ana ndi diso lija, ine n'kunena kuti bondo lauma. Apo ndiye ndinadzitchera ndekha, chifukwa asanu mwa amayiwo ndi manesi. Wina anafunsa ngati ndinagwa, wina anati mwina magazi aundana, wina anali atatenga kale makiyi kuti akandijambule kuchipatala (makina akumeneko chitsulo sabisa). Anachisale, mkulu wa gululo, anati tiyambe tapemphera. Anandigwira bondo, zala zawo n'kukhudza chitsulo chija. Kenako anapempha Ambuye kuti chilichonse cholimba chimene chili pa mwanayu chichoke.

Ndinaona kuti msewu wa kuchipatala ukathera ku Dedza. Ndinadzigwetsa ndi mphamvu zonse. Nsonga inagunda matailosi, kandodo kanatsekeka, katatsina mnofu wa pantchafu. Ndinalira misozi yeniyeni, koma nditagwada bwinobwino. Nthungululu zinafika mpaka kwa aneba.

Pochoka, Anachisale anandiuza kuti ndiwanyamulire chikwama. Titafika pagalimoto anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno matendawo, mwanangu. Visa ya mayi ako siyoseweretsa."

Ndinapereka. Iwo sanaulule, koma anagamula kuti poti bondo lachira, Loweruka lililonse ndizipereka tiyi kwa amayi onse chogwada. Mami mpaka lero amaimbira foni azakhali kumudzi kuwafotokozera za chozizwitsacho, ine ndili pambali kuvomereza.

Anthu amati mavuto amaphunzitsa, ndipo n'zoona. Ine ndaphunzira kuti usananamizire matenda, yamba wawerenga manesi ali m'nyumbamo.