A Nyirongo ndi Kirayoni wa Buluu

Pa Mzimba Boma, munthu wovala za buluu sankadutsa pakhomo pa a Stafford Nyirongo akuyenda pang'onopang'ono. Mkuluyo ankakuimitsa, kugwira nsalu yako, kuinunkhiza, mwinanso kuinyambita, kenako n'kupempha mwaulemu kuti umubwereke akaiwiritse pang'ono.

Misala ayi. Anali mwini kampani yopanga makirayoni, imene iwo ankati ilibe inzake kumpoto konse. Chikwangwani chinkati "Nyirongo & Sons", ngakhale Mulungu anawapatsa ana aakazi okhaokha. Fakitale inali khitchini ya akazi awo, a NyaJere, ndipo makina anali mapoto a mayi omwewo. Ankasungunula phula la njuchi, kuthiramo mtundu, n'kutsanulira m'mabango kuti liume. Wofiira ankautenga ku dothi la katondo, wakuda ku makala, wobiriwira ku nkhwani imene a NyaJere anathyolera ndiwo.

Ine ndinkaphunzitsa Sitandade 2 cha ku Embangweni, ndipo ndinali kasitomala wawo wamkulu. Vuto linali loti phulalo ankalikamula mwaulesi, uchi n'kumatsaliramo. Tsiku lina ndinapita kukadandaula.

"A Nyirongo, ana adya makirayoni onse."

"Yewo chomene! Mbwenu akoma. A m'sitolo aja mwana angamalize?"

"Zojambula zawo nazo nyerere zapsereza."

"A Sambizgi," anatero, poti ndi mmene ankaitanira aphunzitsi, "nyerere sidya chinthu chachabechabe."

Munthu wotere ungakangane naye? Ndinagulanso ena.

Chimene chinkawadya mumtima chinali buluu. Mtundu umenewu unawakana, moti ana anga thambo ankalipaka wofiira. Woyendera sukulu wina atawona zithunzi pakhoma anafunsa ngati kwathu kuno kukupsa tchire chaka chonse. Ine ndinakawafotokozera a Nyirongo ngati nthabwala, koma iwo sanaseke.

"Ndapota!" Anavula chipewa ngati munthu wolumbira. "Sindifa ndisanawapatse ana a Mzimba thambo lawo."

Mavuto a a NyaJere anayambira pamenepo. Chitenje chawo cha ku ukwati chinalowa mumphika n'kutuluka chotuwa ngati chiguduli. Neti yotetezera udzudzu inawiritsidwa, banja lonse n'kudwala malungo. Kenako a Nyirongo anatulukira nzeru yosakaniza phula ndi sopo wa buluu wochapira. Anakwera njinga mpaka kusukulu kwathu, thukuta kamukamu, akufuula kuti thambo labwera. Ana anachita mwa nthawi zonse, kuyamba ndi kulawa. Kalasi yonse inatuluka thovu kukamwa, ndipo makolo anafika ndi zibonga.

"Adada, siyani," ankatero a NyaJere. "Mapoto anga atha. Thambo lili kumwambako, ana aziliyang'ana."

"A NyaJere, kuyang'ana ngakhale mbuzi imayang'ana. Mwana ayenera kujambula."

Tinkaseka, koma zinthu zinali kutha ife tikuseka. M'masitolo munadzaza makirayoni akunja, otchipa, osakoma m'kamwa, m'bokosi limodzi muli buluu wamitundu iwiri. Mitengo ya m'tchire inapita ku makala, njuchi zinathawa, phula linayamba kusowa. Kusukulu ana anachuluka mpaka kukhala pamiyendo pa anzawo, mapepala kulibe, ndipo zojambula tinangozisiya osauzana. A Nyirongo ankakhalabe pakhonde ndi katundu wawo, akuingitsa njuchi zotsala ziwiri zitatu. Zinali zokhazo zimene zinkabwerabe.

Nditamva kuti akudwala, ndinapita kukawazonda. Anali ataonda zomvetsa chisoni, zala zitada ndi utoto wa zaka zonsezo. Anapisa dzanja pansi pa pilo n'kutulutsa kakirayoni kotuwa ngati phulusa.

"Womaliza uyu, a Sambizgi. Mukamuyang'ana cham'mbali, pa dzuwa..."

Ndinamuyang'ana cham'mbali, pa dzuwa. Anali phulusa basi. Koma a NyaJere, amene kwa moyo wonse ankalirira mapoto awo, anagwada pamphasa.

"Ndi buluu, adada. Buluu weniweni."

Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mwayamba liti kunama, amama?" Anatembenukira kukhoma. "Mbwenu ndalephera."

Tinawaika m'manda tsiku lopanda mtambo ndi umodzi womwe. Thambo linali buluu kuchokera uko mpaka uko, ndipo ine linandikwiyitsa kwambiri.

Lero pamene panali kampani pali kashopu kotchajitsa mafoni. Ovala za buluu amadutsa mwaufulu, palibe wowanyambita, ndipo msewu uja ukusowetsa mtendere ndi ulemu wake. Ana a m'kalasi mwanga sanagwirepo kirayoni wamtundu uliwonse. A NyaJere anandipatsa wotuwa uja kuti ndisunge, ndipo ndinamukulunga m'pepala n'kumuika mudirowa. Mwezi watha ndinati ndiwaonetse anawo, amve za munthu amene ankawafunira thambo. Ndinatsegula dirowa, n'kupeza pepala lokha ndi nyerere.