Mainasi 40 pa Thuchila

Lolemba

Pikapu ya amalume ikuti kunja kuli madigiri -40. Mu Okutobala muno! Phula likumata ku nsapato, agalu agona pansi pa mango malilime ali panja, koma kanambala ka pa dashibodi kakuti tonse tinauma kale ndi chisanu.

Amalume sakuseka. Kanambala kameneka ndi kamene kamawasiyanitsa ndi anzawo a matola pa Thuchila. Munthu akakhala kutsogolo amamulozera: "Mwaona? Lero 33. Muzimwa madzi." Tsopano pa siteji akuwafunsa ngati ayamba kugulitsa majekete.

Ndawauza kuti ndikonza ine. Ndili Fomu 3, Fizikisi ndimakhoza, waya sindiuopa. Andiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Ukakonza lisanafike Lamulungu, ndikuphunzitsa kuyendetsa pa bwalo la mpira. Ukalephera, za chiwongolero usandifunsenso mpaka udzamere ndevu."

Ndavomera msanga asanasinthe maganizo.

Zofunika:
– sikuludiraiva
– tepi wakuda
– foni ya aanti (akakhala ali ku dimba)
– kuti anthu asandilankhulitse

Lachiwiri

Bambo wina pa intaneti akuti pali kachinthu kotchedwa sensa, kakang'ono ngati chala, kamene kamamva kutentha. Kamakhala kuseri kwa zitsulo za kutsogolo. Waya wake ukaduka, galimoto imangolemba -40. Bandulo ya aanti yatha asananene kuti kamakhala mbali iti. Palibe vuto. Kutsogolo kwa galimoto si kwakukulu ngati phiri.

Nditaweruka ndalowa pansi pa pikapu. Fungo la nsomba! Amalume akagula nsomba pa ulendo amazimangirira pa zitsulo za kutsogolozi, kuti mphepo iziziwomba ndiponso m'kati musanunkhe. Aliyense amatero. Koma palibe amene amalowa pansi kukanunkhiza zotsatira zake.

Ndapeza pulagi yakuda yodzaza matope. Ndi yomweyi. Ndaizula, ndaipukuta, ndaisiya yozula kuti iume bwino. Mawa zatha.

Lachitatu

Sinali sensa. Inali huta.

Amalume adutsa msika wonse mutu uli pa windo, akumenya chitseko ndi dzanja, akukuwa, "Njira! Njira!" Wa kabaza wina wawafunsa, "Huta mwameza, bwana?" Mbuzi sizinasunthe n'komwe.

Pulagi ndabwezera. Sindikudandaula. Sayansi imayenda chonchi: tsopano ndikudziwa chinthu chimodzi chimene si sensa.

Ndipo yeniyeniyo ndaipeza! Ili pakona, yalendewera, mawaya awiri, umodzi woduka. Pali zipsera za mano. Makoswe! Madzi a nsomba amadonthera pa waya, iwo amabwera kudzanyambita, kenako n'kupitirira. Zonsezi ndazitulukira ndekha, popanda bandulo. Ndauza aanti. Akuti, "Tuluka pansipo, yunifomuyo adzachapa ndani?"

Lachinayi

A Jafali, amene amagulitsa zitsulo zakale kumsika, andipatsa waya. Wofiira, wokhuthala, wautali kuposa mkono wanga. Akuti, "Uwu ngakhale mbuzi ungamangire." Ndathokoza.

Ndalumikiza, ndakulunga tepi. Kenako nzeru zina zandifikira: bwanji sensa ikhale pamalo pamene nsomba sizidonthera? Amene anapanga galimotoyi sankadziwa za nsomba. Ine ndikudziwa. Ndaisamutsa, ndaimangirira m'kati, pa redieta penipeni, pouma bwino.

Ndapotokola kiyi: 29!

Ndazimitsa. Ndayatsanso: 29!

Sindinauze munthu. Ndangodutsa pamaso pa amalume kangapo ndikupukuta manja.

Lachisanu

Redieta imatentha. Izi tinaphunzira. Ndinalipo m'kalasi tsiku limenelo.

Amalume ananyamula amayi a tomato kupita ku Milonde. Akuti ponyamuka analozera kanambala monyadira: 30. Kenako 45. Kenako 60. Pofika pa chikweza, 78. Mayi amene anakhala kutsogolo anafuula kuti, "Tikupsa!" Akumbuyo sanafunse. Analumpha ndi madengu omwe, tomato mbwee mumsewu. Mmodzi anathamanga ndi ndowa ya madzi kuchokera pa mjigo n'kuthira amalume, osati galimoto.

Abwera kunyumba malaya akadali onyowa. Sanandikalipire. Angonena kuti, "Bola -40 ija, anthu ankangoseka."

Ndabwezera sensa pamalo pake akale. Mwina opanga galimoto ankadziwa zina. Waya wofiira watsala wautali, ndipo kuudula ndikuopa, ungandiperewere. Ndautulutsira kunja pakati pa zitsulo, ndaupinda bwinobwino ngati nkhata. Pamenepo khoswe sangadye aliyense akuona. Komanso anthu azidziwa kuti pagwira munthu wodziwa ntchito.

Tayesa mpaka pa mlatho ndi kubwerera: 31, 31, 32. Wailesi nayo yati kuno 32!

Amalume ati, "Mmm. Tione mawa."

"Mmm" wa amalume ndi satifiketi.

Loweruka

Apita ku Phalombe ndi matumba a simenti. Ine ndakhala kuseri kwa khitchini, pa mpando, chivundikiro cha poto m'manja, njerwa zitatu kumapazi.

– kalachi kumanzere
– buleki pakati
– osayang'ana giya posintha
– osamwetulira kwambiri anyamata a mpira akamandiona

Ndazungulira bwalo lonse osagunda kanthu. Nkhuku zokha ndi zimene zaonerera.

Madzulo ndamva huta kumsewu. Huta yanga, yogwira. Pikapu yalowa, ndipo kutsogolo kukulendewera milamba inayi yonenepa ya ku Chilwa. Yomangidwa bwino. Ndi waya wofiira.

Amalume atsika akusangalala. "Iwe, kawaya unaika apa n'kolimba! Luzi ndinaiwala, ndangokadula ndi mpeni. Uzindiikira kawirikawiri." Kenako nkhope yasintha. "Koma chinambala chako chafanso. Pa msika wa nsomba pomwepo, -40. Ntchito ya ana."

Ndayamba kufotokoza. Ndatchula sensa, ndatchula njira ya magetsi, ndajambula pansi ndi kamtengo. Amalume ati kawayako kanali kunja, kosagwira ntchito, aliyense amaona. Aanti ati, "Aphunzitsi, mukamaliza mukatunge madzi otsukira nsombazi."

Lamulungu

Ndinati ndilumikize tisanapite ku tchalitchi. Amalume akana. Akuti galimoto yawo yavutika mokwanira sabata ino. Atenga tepi wakuda, tepi wanga, amata pa kanambala. Kuyambira lero, munthu akafunsa za kutentha, iwo azitulutsa dzanja pa windo n'kuyankha okha. Ayesa kale popita ku tchalitchi: "Lero kwatentha." Onse avomereza. Akuti dzanja lawo silinaphonyepo.

Sensa ili bwinobwino kuseri kwa zitsulo, ikumva kutentha konse kwa Mulanje, koma ilibe womuuza. Ndikuimvetsa.

Pa bwalo pali mpira. Ndikumva phokoso lake ndili pano. Chivundikiro aanti atenga, njerwa abwezera pa mafuwa.

Ndadziyang'ana pa galasi la m'mbali la pikapu, mbali zonse ziwiri, padzuwa. Chibwano chili see, ngati dzira.

Masana andigawira mutu wa mlamba. Ndauyang'ana nthawi yaitali ndisanadye. Ndevu zake zazitali, zolendewera mpaka kunja kwa mbale. Uwu amalume akanauphunzitsa lero lomwe.