Mzukwa wa ku Unit A

Mukafika ku Unit A, dera la nyumba za kanselo ku Chitungwiza, n'kufunsa dzina langa lenileni, anthu angoyang'anana. Koma mukati mukufuna Sekuru Ngozi, ngakhale kondakitala wa basi akulozerani pakhomo panga. Ngozi, kwa inu osamva Chishona, ndi mzimu wa munthu amene anafa ndi chidandaulo. Dzinali sindinalipemphe ayi.

Zaka za m'ma 80 zimenezo ndinkagwira ntchito pa fakitale ya nsapato ku Harare, ndipo Loweruka ndinkajambula maukwati ndi kakamera kanga kakale. Tsiku lina, pothawa mvula m'tauni, ndinalowa m'nyumba yoonetseramo zithunzi. Pakhoma panali mabwinja okhaokha: denga logwa, chitseko chodyedwa ndi chiswe, mphika wosweka. Anthu amasuti ankaima atagwira chibwano ngati ali pamaliro. Ndinati mumtima, ndikuvutikiranji ndi akwatibwi otsinzina pa chithunzi, pamene bwinja siliphethira?

Nditauza mkazi wanga, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mukajambule nyumba yopanda anthu? Nanga chithunzicho adzaombola ndani, chiswe?"

"Amake Chisomo, izi n'zaluso. Simungamve."

"Ee, pitani ndi luso lanulo."

Loweruka m'mawa ndinapalasa njinga kutuluka m'Chitungwiza kulowera kumidzi ya ku Seke. Sindinavutike. Kuseri kwa miyala ikuluikulu ndinapeza bwinja lokongola mochititsa chisoni: khitchini yozungulira yopanda denga, zitsulo za bedi zitachita dzimbiri, chitsamba cha maungu chitalowa pawindo ngati mlendo wopanda ulemu. Ndinajambula chogwada, chonyonyomala, ngakhale chogona chamimba (m'tauni muja ndinamva kuti akatswiri amatero).

Kenako ndinaona nkhokwe. Nkhokwe za kumeneko zimakhala ngati kanyumba kokwezeka pamiyala, kachitseko kake kakang'ono. Ndinakwera n'kutseka kachitsekoko kuti ndigwire bwino kuwala kolowera padenga lobooka. Nditangoponda pakati, mitengo yapansi inati phwa! Chiswe chinali chitadya kale m'kati mwake. Mwendo wakumanja unalowa mpaka m'ntchafu n'kukanirira. Kukoka, wosatuluka. Kupotoza, ululu wokhawokha.

Ndili pomwepo ndinamva anthu akubwera, ambiri ndithu, akuyenda mwakachetechete. Kenako kuwomba m'manja kwa amuna, kuja kwaulemu, ndi fungo la mowa wamasese. Munthu wanzeru akanafuula pomwepo. Ine manyazi anandigwira, ndinangoti zii, ndikuganiza kuti angodutsa.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti pabwinjapo panafera mkulu wina wa ku Malawi, woweta ng'ombe za banjalo. Analibe wachibale, ndipo anamuika kuseri kwa nkhokwe yomweyo. Atamuika, matenda sanathe pakhomopo, mpaka banja lonse linasamuka. Tsiku limenelo ndiye anabwera kudzapepesa mzimu wake.

Mkulu wa banja atangoyamba kulankhula, mavu amene ndinawasokoneza padenga anayamba ntchito yawo. Woyamba anandiluma pakhosi, wachiwiri pamlomo penipeni. Ine ndinabadwira konkuno, Chishona ndimachilankhula ngati madzi, koma tsikulo chinathawa chonse. Chinatsala n'Chichewa chimene ndinayamwa.

"Mayo ine! Ndikufa! Nditulutseni muno!"

Kunja mtsuko wina wa mowa unagwa n'kusweka. Ndinamva mapazi a anthu othawa, kenako mawu a mkulu wa banja uja:

"Sekuru, tiregerereiwo. Munodei?" Ndiye kuti, agogo, tikhululukireni, mukufuna chiyani?

Ine ndinadabwa ndi ulemu woterowo kwa munthu wothyola nkhokwe ya eni, koma ndinayankha zoona zokhazokha: "Ndikufuna kupita kwathu!"

Wina amene ankamvako Chichewa anamasulira. Amayi anayamba kulira mokweza. N'zimene ankaopa zaka zonsezo, zoti mzimuwo udzafuna kubwezedwa kwawo ku Malawi.

"Kwenyu kupi, sekuru? KuBhurandaya?" anafunsanso mkuluyo, kutanthauza kuti kwanu n'kuti, kodi ndi kumzinda uja wa ku Malawi?

"Ku Unit A!"

Kulira kunaduka pakati. Ndinamva akunong'onezana, wina akufunsa mnzake kuti chiyambire liti mizimu kupatsidwa nyumba za kanselo. Ndiye mayi wina wamtima wachitsulo anabwera n'kukankha kachitseko kaja ndi mpini wa khasu. Anandiyang'ana, mlomo utatupa ngati mandasi, mutu uli mbuu ndi fumbi, kamera ili pakhosi.

"Haiwa! Ava ndivaMafoto!" Anatembenukira gulu lija n'kulengeza kuti mzimuwo ndi wojambula uja anadula mutu wa mkamwini wake pa chithunzi cha ukwati. (Mkamwiniyo anali wamtali mopitirira, koma sinali nthawi yodziteteza.)

Anandizula amuna awiri, nsapato n'kutsala pansi pa nkhokwe. Anyamata ena anali atathyola kale zikoti, ndipo sindikanawadandaula: mowa unatayika, mwambo ndinauwononga. Koma mkulu wa banja uja anawaletsa. Anati malemuwo mpaka kufa kwawo Chishona chinkawavuta. Mwina n'chifukwa chake mapepeso onse sankafika. Kodi sindingawauze m'chilankhulo chawo?

Basitu, ndinagwada pamanda paja, phazi limodzi lopanda nsapato. Ndinaganiza kuti ndiseka, koma kuseka sikunabwere. Bambo anga nawonso anabwera kuno wapansi, ndipo kwawo sanabwerereko. Ndinati, "Agogo, anthuwa akuti pepani. Simunaiwalike. Gonani, kuno n'kwanunso." Amayi anaimba nthungululu, amuna n'kuwomba m'manja, ine misozi ikusakanikirana ndi fumbi.

Filimu yotsala anailanda ndi nkhope zawo. Aliyense anafuna kujambulidwa pakhomo pamene anabadwira, ndipo bwinja langa lachisoni lija linadzaza anthu akumwetulira, wina atanyamula nkhuku. Zithunzi zimenezo ndizo zinatuluka bwino. Zaluso zija zinada bii, kupatula chimodzi cha bondo langa.

Nkhani inafika ku Unit A ine ndisanafike. Mkazi wanga ndinamupeza pageti akuseka mpaka kugwira mpanda.

Mungaganize kuti ndinasiya. Ayi, mabwinja ndimawajambulabe mpaka lero. Chosintha n'chakuti ndikafika ndimayamba ndaima patali, n'kuodira kaye m'zilankhulo zonse ziwiri, ndipo ndimadikira ndithu yankho.