Tsamba Langa la pa Intaneti Linandiitanitsa kwa Abusa

Ndithokoze Ambuye kuti mpaka lero dzina langa likadali m'chigwirizano cha amayi, chifukwa panangotsala pang'ono kuti andichotse.

Bambo a kunyumba atapuma ntchito yauphunzitsi tinakhazikika konkuno ku Lufita, n'kumanga tizipinda ta alendo kuseri kwa nyumba. Tizipindato tinkangogona akangaude. Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Lilongwe, anati anditsegulira tsamba pa intaneti.

"Amayi, anthu akawasamutsira ku Chitipa amayamba afufuza pafoni malo ogona. Lembani mawu amene iwowo angafufuze, munditumizire."

Ine kulemba osayamba ndi Mulungu sindingathe. Ndinalemba mmene anandichiritsira mwendo, mmene anandipatsira ana nditalira zaka zambiri, ndi mmene timapempherera aliyense wolowa pakhomo pathu. Pomaliza ndinati odwala ndi osweka mtima asaope kufika. (Za zipinda ndinkati nditchula kumapeto, koma mtima utadzaza ndi chiyamiko ndinangotseka ndi ameni.) Mwanayo anali pa ntchito yotopetsa, anangoziika osawerenga.

Woyamba kufika anali mayi wa ku Wenya, fumbi mpaka m'maondo, nkhuku kukhwapa.

"Monire mama. Ndimwe mukuchizga malundi?"

Ankafunsa ngati ndine wochiritsa miyendo. Mdzukulu wake ndiye anandipeza pafoni. Ndinamupatsa madzi, tinapemphera (munthu wayenda mtunda wonsewo ungamubweze bwanji?), nkhuku ndinakana. Kenaka kunabwera bambo wa ku Kaseye panjinga, mkazi wake atakhala pakaliyala, akufuna mwana. Sabata yotsatira, wapolisi wachinyamata, yunifolomu yosita bwino. Mtima unati phaa, mlendo wofuna chipinda wafika! Ndinathamangira makiyi.

"Ayi mayi, ine nyumba ndili nayo kulaini ya apolisi. Mundipempherere andibwezere kwathu ku Zomba, kuno kuzizira kwandikwana."

Bambo a kunyumba anayamba kundiitana kuti aneneri. Ndikapsereza ndiwo ankati, "Simunazione m'masomphenya?"

Lamulungu titaweruka, abusa anandiitanira kuvesitile, akulu ampingo atakhala mondandalikana, nkhope zili gwaa.

"Mayi, tamva kuti mwatsegula mpingo wanu. Ngati zili choncho, bulauzi yachigwirizano mubweze."

Ndinaimirira pa mwendo wochiritsidwa uja. Ndinati, "Abusa, ine ndimangofuna anthu ogona m'zipinda."

"Zipinda ziti?" Anatulutsa foni, nawerenga tsamba lonse mokweza, kuyambira mwendo mpaka ameni. Liwu loti chipinda, bedi kapena Lufita munalibe. Mkulu wina anayamba kutsokomola, kenaka onse anaphulika kuseka. Bulauzi inapulumuka.

Madzulo ake ndinamuimbira mwana uja. Ataseka mokwanira anati, "Foni siimva za mumtima, amayi. Imapereka munthu ku zimene mwalemba." Tinalembanso mwachidule: zipinda zogona ku Lufita, pafupi ndi Chitipa Boma, madzi otentha osamba, mabulangete okhuthala, malo osungira njinga yamoto. Pano mukugona mphunzitsi ndi bambo wina wa imigiresheni, Ambuye alemekezeke.

Koma dzana abusa anandiimitsa panjira, akuyankhula motsitsa mawu. Akuti mapemphero a pakati pa sabata anthu sakubwera, ndiye ndiwalembereko tsamba la mpingo monga ndinalembera langa loyamba lija. Ndavomera, ndipo ndayamba kale ndi nkhani ya mwendo.