Thalauza la suti ndi zitunda za kwawo kwa mkazi wanga

Lolemba

Thalauza la suti lakana. Ndakoka mimba, ndagwira mpweya mpaka m'maso kuchita mdima, koma batani ndi bowo lake sizikuonana. Patsala mpata wa zala ziwiri. Ndipo Lamulungu likubwerali ndikudzozedwa kukhala mkulu wa mpingo, kutsogolo, pamaso pa anthu onse!

Kukanakhala kwathu ku Dedza bwenzi nditangovala juzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kuno ndi kwa Atonga. Munthu angagone ndi njala, koma m'tchalitchi amalowa ngati nduna. Ndiye ine mkamwini wobwera, kalaliki wa pa esiteti ya mphira, ndikaime ndi thalauza logwira ndi pini? Ayi ndithu.

Telala wa ku Chintheche akuti: "Bwana, nsalu ya m'kati tinatulutsa yonse chaka chatha. Chatsala n'kuchepetsa mwini wake."

Ndakumbuka malemu apongozi anga aamuna. Chimunthu cha thupi, mkulu wa mpingo mpaka imfa, ndipo suti yawo yakuda anthu akuikambabe. Tsiku la ukwati wathu anandiyang'ana kuyambira kumutu, n'kufunsa mwana wawo ngati kwathu kumalimidwa chakudya. Nthawi imeneyo ndinali bango. Akanandiona lero!

Choncho pulani ndi iyi:
kupalasa njinga madzulo aliwonse ndikaweruka;
kudzera msewu wafumbi wa m'minda ya chinangwa, kukwera zitunda zonse, kutsikira ku Sanga, kubwerera pa tala;
shuga ayi, mandasi ayi, kondowole theka.

Njinga ndaitulutsa m'khitchini momwe nkhuku zakhala zikugona pa handulo. Ndapukuta, ndapopa, ndathira mafuta. Mkazi wanga NyaChirwa wandifunsa njira yanga kawiri konse, mosamala, mudzi ndi mudzi. Ndikuona kuti akundinyadira.

Ulendo woyamba wathera pa chitunda choyamba. Pamenepo ndi pa amalume ake a NyaChirwa, ndipo mkamwini sadutsa akuluakulu ali pa chishalo. Umatsika, chipewa m'manja. "Mwe uli, akweni?" Akweni ndiye dzina langa kuno. Moni asanathe, pabwera chinangwa chophika ndi tiyi wa mkaka. Kamodzi sikanenepetsa munthu.

Lachiwiri

Miyendo ngati si yanga. Matako sindinena.

Komabe dziko ili ndi lokongola, anthuni! Zaka zonsezi ndimaliona pa zenera la minibasi. Minda ya chinangwa kukwera ndi phiri, kutsika ndi phiri. Nthochi m'zigwa, mpunga m'madambo, fungo la chinangwa chovikidwa pa mtsinje. Potsetsereka mphepo ikulowa m'shati, ndakuwa ndekha ngati mwana. Pokwera ndakankha njinga, koma kukankha nakonso ndi thukuta.

Vuto: njira yonseyi ndi kwawo kwa mkazi wanga. Sindinaganize zimenezi.

Azakhali ake, a NyaManda, ndawapeza ataima pa msewu penipeni ngati apolisi. Kondowole wa nsomba ya batala. Ndati ndadya kale. Ati: "Ryani, akweni, ryani. Chakudya cha kwanu chili m'mimba mwanu, chathu chili apa." Ndadya. Batala uja, Mulungu andikhululukire, anali wonona.

Ndangoyenda pang'ono, nyumba yotsatira, azakhali ena. Awa sayankhulana bwino ndi a NyaManda chifukwa cha malire a munda. "Mwadya kwa aja taona. Ifeyo ndiye afiti?" Ndikanatani? Usipa wotendera ndi chigwada.

Kunyumba ndauza NyaChirwa kuti mgonero sindidya. Wangoti "yewo", n'kuika mbale patebulo yosavundikira. Munthu sungataye chakudya.

Mpata: zala zitatu. Mwina ndi kutupa kwa masewera. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Lachitatu

Nzeru zatsopano: ndisadziwike. Chipewa cha mlonda wa pa esiteti, magalasi akuda, jekete la mvula. Mutu pansi, kupalasa mwamphamvu, osayang'ana kumbali.

Pa amalume ndadutsa. Pa a NyaManda ndadutsa ngati mphepo, mtima ukugunda ngati ndaba mbuzi. Ndayamba kuimba nyimbo ya chigonjetso.

Kenako tcheni chagwa. Malo onse a m'dziko muno, chasankha kugwera pakhomo pa alamu anga a Longwe! Ndawerama kuti ndichibwezeretse mwakachetechete, ndangomva kumbuyo: "Alamu, magalasiwo mwatchena nawo. Koma ife tinazindikira mimba muli ku mlatho."

A Longwe alanda njinga, aitembenuza matayala m'mwamba, akuti tcheni chotere sichikonzedwa mothamanga. Akonza pang'onopang'ono ndithu, uku akuyang'ana kukhitchini. Chalowa m'malo pamene mpunga wa nkhuku wafika. Zangochitika mwangozi, eti?

Choipitsitsa: mbiri yandipitirira. A NyaManda atumiza uthenga kuti mkweni wawadutsa ngati galimoto ya maliro, kodi amulakwira chiyani? Pobwerera ndapita kukapepesa. Kupepesa kuno sikuchitika chiimire. Nthochi zophika ndi nsinjiro.

Thalauza sindinaliyese. Ndangoliyang'ana, nalo landiyang'ana.

Lachinayi

Zitunda ndazisiya. Lero pa tala, kulowera ku Chintheche, kumene NyaChirwa alibe mbale ngakhale mmodzi. Ndafufuza.

Msewu wosalala, mitengo ya mphira mizeremizere, mthunzi wabwino. Andipitirira azungu awiri pa njinga zopyapyala, atavala zothina ngati akasambira. Opanda mimba, opanda matako, opanda apongozi. Ndawachitira nsanje kuchokera pansi pa mtima. Ndayesa kuwathamangitsa, wandipitirira wakabaza atanyamula mayi ndi thumba la makala.

Ndinafufuza abale, ndinaiwala mpingo. Pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi, amayi a mpingo akukonzekera phwando la Lamulungu. Phwando langa lomwe! "Adada, tsikani! Mulawe chindongwa ngati chakoma." Chindongwa ndi thobwa la kuno. Miphika inalipo ingapo, wophika aliyense akufuna amve za wake. Ukayamikira umodzi wayambitsa nkhondo mu mpingo usanadzozedwe n'komwe. Ndalawa yonse. Ndalawanso mandasi, poti akuti mafuta akuwakayikira.

Ndabwerera m'mimba mukulira kuti chubwi chubwi pa bampu iliyonse.

Zala zinayi. Chatsala chala chachikulu basi.

Lachisanu

Ndadzuka ndi nzeru yoopsa: ndiziti ndikusala kudya pokonzekera kudzozedwa. Ndani angakakamize munthu wa Mulungu?

Ndabwerera ku zitunda, ndipo zatheka! Amalume avula chipewa. A NyaManda agwira pakamwa, akuti mkweni wathu ndi wa mapemphero. Palibe wandipatsa mbale.

Angomangirira pa kaliyala. "Mukadye mukamasula." Zomwe ndanyamula:
mkoko wa nthochi;
ufa wa kondowole;
usipa wouma m'jumbo;
nanazi;
tambala wamoyo, yemwe wandijompha kumsana njira yonse.

Kenako mvula. Msewu wasanduka phala, matope adzaza m'madigadi, matayala akana kuzungulira. Ndakankha katundu yense uja zitunda zonse mpaka ku Sanga. Thukuta lenileni, loyamba sabata ino! Ndafika kunyumba ndi njala ya mtima bii, ndipo NyaChirwa anali atakazinga kale anyezi ngati amadziwa za tambala.

Tambala uja kulibenso. Nthochi zatsala zochepa.

Ndiye taonani: ndanama za kusala kudya sabata yodzozedwa, ndipo ndanenepa nalo bodzalo. Manyazi andigwira zenizeni.

Loweruka

M'mawa ndati ndiyese komaliza. Ndagona chagada pabedi, ndakoka, ndakoka, batani lalowa! Ndadzuka pang'onopang'ono. Ndapuma kamodzi. Thaa! Batani lawomba chitseko, lagubuduzika panja, nkhuku yathawa nalo. Zipi nayo yatsanzika.

Ndakhala pabedi nthawi yaitali. Sizoseketsa ayi. Zaka zonsezi anthu a kuno andisunga ngati mwana wawo, andisankha pakati pa eni dziko, ndiye mawa ndikawachititse manyazi? Ndaganiza zotumiza uthenga kwa abusa kuti ndadwala malungo. Bodza lachiwiri.

NyaChirwa wayang'ana thalauza, sanaseke, ngakhale milomo imanjenjemera. Wangoti: "Amama akukufunani. Lero."

Apongozi anga aakazi amakhala pamwamba pa chitunda chachitali kuposa zonse. Nyumba imeneyi ndakhala ndikuizemba sabata yonse, chifukwa kumeneko mbale imabwera ndi inzake. Ndakwera chokankha, NyaChirwa akubwera pambuyo pa kabaza, akundibayibitsa pondipitirira.

Ndakhala pa mpando chapatali monga mwa ulemu, maso pansi. Apongozi alowa m'nyumba, atuluka ndi sutikesi yakale. Atsegula. Fungo la mankhwala a njenjete. Suti yakuda ija, ya malemu.

Ayankhula moyang'ana mwana wawo, monga amachitira akamayankhula ndi ine: "Adada ako anati suti iyi idzavalidwe ndi mkweni tsiku limene adzaime kutsogolo. Ana athu aamuna tchalitchi amachionera patali. Koma chaka chimene anatisiya, mwamuna wakoyu akanasochera m'menemu. Ndiye tinati tidikire."

Kenako, akupukuta kolala ndi dzanja: "Lolemba unati patsala pang'ono kuti imukwane. Ndiye ndinauza abale kuti tithandizane."

Tithandizane! Amalume, a NyaManda, a Longwe ndi tcheni chawo chosakonzedwa mothamanga. Ngakhale azakhali osayankhulana aja anagwirizana pa nkhani ya mimba yanga. Ndayang'ana NyaChirwa. Iye akuyang'ana nkhuku.

Ndimafuna kukwiya. Ndayesetsa ndithu. Koma ndagwira nsalu ija, misozi yatsika pamaso pa apongozi. Ndangoti yewo, yewo.

Kenako mbale yabwera ndi inzake.

Lamulungu

Suti yakwana. Mapewa, manja, chiuno, zonse. Batani lalowa lokha popanda kugona chagada.

Ndaima kutsogolo, abusa andisanjika manja. Polowa ndinamva azigogo akunong'onezana kuti malemu a Chirwa abwerera. Apongozi anabisa nkhope m'chitenje nyimbo yonse yoyamba. Ine ndinayang'ana kudenga kuti ndisayambirenso za dzulo.

Za kusala kudya kuja ndawauza abusa tisanalowe. Aseka mpaka kutsokomola, akuti anamva kale kwa a NyaManda, ndipo tambalayo anali wa kwa mlongo wawo wa abusawo.

Njinga yabwerera kukhitchini. Nkhuku zailandira bwino. Thalauza lakale NyaChirwa akuti likhala lopukutira mawindo. Zitunda zija ndidzapitakobe, pakuti n'zokongola, koma ndizidzapita ngati mlendo wokadya, osati wothamanga. Munthu sungalimbane ndi mudzi wonse.

Pa phwando apongozi andiyang'ana chapatali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga anachitira malemu tsiku la ukwati. Aitana NyaChirwa, amunong'oneza. Iye wabwera ndi mbale yodzaza.

"Amama akuti m'chiuno mukadali mpata wa chala chimodzi."

Ndasamba m'manja.