Nyanja Inabwera Kudzatenga Tenti ya Amake Dali

Nkhani iyi anzanga amaikamba paukwati, pamaliro, ngakhale mu minibasi, ndipo aliyense amawonjezera zake. Ndiye bola ndidzichititse manyazi ndekha, ine mwini wake.

Tinali atatu: ine, Mwale woyendetsa minibasi, ndi Chanda wowotcherera mageti. Tinakulira limodzi ku komboni ya Kanyama, ndipo tonse imvi zinayamba kutituluka tisanaonepo nyanja yamchere. Chaka chatha Mwale anati zakwana, tiyeni ku Mozambique, cha ku Beira, tikagone mu tenti ndi kuwedza nsomba ngati anthu a pa TV.

Ine ndinadzisankha ndekha kukhala mtsogoleri, poti ndinawedzapo kawiri ku mtsinje wa Kafue. Anzanga anayamba kunditchula Ba Captain, ine n'kumavomera mosachita manyazi.

Vuto linali tenti. Mkazi wanga, Amake Dali, ali ndi tenti imodzi yoyera imene amabwereketsa pa ma kitchen party, ndipo ndi imene imatidyetsa mwezi ukavuta. Ndinaipempha sabata yathunthu.

"Pa Saturday iyenda ku Chawama," anatero pomaliza. "Ikabwela na kadoti olo kamozi, muzagona mu minibasi ya ba Mwale."

"Amake Dali, nizaisunga monga mwana!"

Tinayenda masiku awiri. Titafika m'mawa, tinapeza mchenga wonyowa wokhawokha, madzi akuoneka kutali uko ngati kansalu.

"Manzi yayenda kuti?" anafunsa Chanda.

Apa ndiye ukatswiri wanga unatulukira. Munthu wa ku Kanyama sauzidwa za madzi. Kwathu madzi akapita pampopi Lachiwiri, udziwe kuti udzawaonanso Lachisanu.

"Bavala," ndinatero, kutanthauza kuti atseka mpopi. "Na kuno bamavala manzi. Aya siyabwela lelo. Tiyeni tiyakonke."

"Koma ba Captain, banthu bonse bamanga kumwamba uku," anatero Mwale.

"Ni ulesi chabe!"

Tinasiya minibasi kumtunda, n'kunyamula tenti kulondola nyanja mpaka pafupi ndi madzi. Tikukhoma zikhomo, panafika mdala wina, msodzi, ukonde uli paphewa. Analankhula chinenero chakwawo, kuloza nyanja, kenako n'kuika dzanja pachifuwa pake. Anabwereza katatu.

"Bakamba chani?" anafunsa Chanda.

"Bakamba ati plot ni yabo. Aba tibaziba, boi. Ku Kanyama plot imozi bamagulisa kuli banthu batatu." Ndinatembenukira mdala uja. "Mudala, onesani ma papers!"

Anandiyang'ana mwachisoni, n'kupukusa mutu, n'kumapita. Ine ndinkaona ngati ndapambana mlandu.

Titadya, anzanga anatenga mbedza zawo kupita kumiyala. Ine ndinatsala kulondera tenti monga ndinalonjezera. Ndinagona pa matiresi opopa, kamphepo kakuwomba, dzuwa lili pamutu. Tulo take!

Ndinalota ndili kunyumba, mvula ya January yagwa, ngalande zasefukira monga mwa nthawi zonse. Ndinadzuka ndikukuwa.

"Amake Dali, nyamulani TV! Ikani bana pa table!"

Kutsegula maso, matiresi akuyandama. Masilipasi anga anali akutuluka pakhomo la tenti, wina kutsogolo, wina pambuyo, osatsanzika n'komwe. Nditatsika, madzi m'mawondo. Funde linabwera, madzi m'chiuno. Funde lachiwiri linagwetsa mapolo, tenti yonse n'kuyamba ulendo wopita pakati pa nyanja.

Ndiulule pano: kusambira sindidziwa. Ku Kafue kuja ndinkawedza nditakhala pa kreti, kumtunda. Koma za moyo wanga sindinaziganize. Ndinkangoona nkhope ya Amake Dali, ndi azimayi a ku Chawama atakhala padzuwa ndi mphatso zawo. Ndinagwira ngodya ya tenti ndi manja onse, kwinako ndi mano.

Madzi anafika pachifuwa, penipeni paja mdala anaika dzanja. Pamenepo m'pamene chinenero chake ndinachimva bwinobwino.

Mwale ndi Chanda anabwera akuthamanga.

"Ba Captain, siyani tenti!"

"Awe!"

"Muzafa, imwe!"

"Mukabauze Amake Dali ati nenze nayo mpaka last!"

Amene anandipulumutsa ndi mdala yemwe uja. Anafika ndi bwato lake, kundikoka ndi lamba ngati thumba la makala, ine ndikadali chilumire tenti. Titafika kumtunda anandiyang'ana. Anangoikanso dzanja pachifuwa, pang'onopang'ono.

"Mudala," anatero Chanda, misozi ya kuseka ili mbwe, "ba Captain bakali kufuna ma papers."

Titatambasula tenti, tinapezamo nsomba imodzi yaikulu ngati mkono wanga. Ulendo wonse, nsomba imene tinagwira ndi yomweyo, ndipo tinaipereka kwa mdala.

Tsiku lotsatira, m'malo mowedza, amuna atatu aakuluakulu tinali pachitsime kuchapa tenti. Mwale anasoka pong'ambika, Chanda anawongola mapolo ndi mwala. Anayenda masiku awiri kudzaona nyanja, n'kuthera pa sopo, koma palibe anadandaula. Amangoseka. Anthu aja ndimawakonda, ngakhale pakamwa pawo sipatsekeka.

Lachisanu tinafika ku Kanyama. Tenti inali yoyera mbali imodzi, mbali ina ngati tiyi wamkaka, ndipo fungo la nsomba linalowa m'nyumba ine ndisanalowe. Ndinaulula zonse.

Amake Dali anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anandigwira kumaso ndi manja onse, misozi ikulengeza.

"Simuziba na kuswima, imwe. Mwenze mufuna kufela chinsalu? Bana nikanabauza chani?"

Mtima wanga unasungunuka. Ndinati basi, mlandu watha. Anandikumbatira, analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi bulangeti.

"Ba Mwale bakuyembekezani panja."

Kitchen party inachitika ndithu, mbali ya tiyi ija ataiphimba ndi zitenje. Akuti amphaka onse a ku Chawama analipo.

Mpaka lero, madzi akangoyamba kutuluka pampopi, mkazi wanga amaima pakhomo n'kukuwa kuti mzere wonse umve: "Ba Captain, manzi yabwela! Gwilani tenti!"

Munthu akakulozera nyanja, usamufunse ma papers.