Chipinda cha Mwana Amene Sitinamuone

Lolemba

Imelo yandipeza m'basi, pochokera kuntchito. Akuti makhonsolo a kuno ndi oyandikana nawo aphatikiza maofesi awo opezera ana makolo, tsopano ofesi ndi imodzi. Moira, mayi amene wakhala akutiyendera kuyambira pamene ine ndi amuna anga, a Mbewe, tinapempha mwana woti akhale wathu mwalamulo, amusamutsira kudera lina. Lachisanu kubwera wina, dzina lake Shona, kudzaona nyumba yathu kuno ku Sighthill.

Moira amadziwa pamene pamakhala shuga m'kabati mwathu. Uyu sadziwa n'komwe kutchula kuti Mbewe.

Basi, kudandaula ayi. Pofika Lachisanu:
- chipinda chaching'ono chipakidwe penti
- bedi la mwana limangidwe
- mabokosi a anthu a kutchalitchi achokemo
- a Mbewe asiye nthabwala pamaso pa alendo

Zotheka izi!

Lachiwiri

Penti. Pachitini pali chikasu chowala, chosangalatsa. Pakhoma patuluka mtundu wa dzungu lophika. A Mbewe aima pakhomo, manja m'chiuno: "Ikauma isintha."

Kuuma ku Glasgow! Ndatsegula windo, mvula yalowa. Ndatseka, fungo landipweteketsa mutu. Ndatsegulanso.

Sitikudziwa ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, woyamba kumene kuyenda kapena wa kusukulu. Ndikupakira penti munthu amene mwina amadana ndi chikasu.

Lachitatu

Bedi labwera m'katoni, matabwa okhaokha ndi kathumba ka misomali. A Mbewe akana kuyang'ana pepala la malangizo. "Ine ndinamangapo khola la nkhumba ku Ntcheu." Zotsatira zake:
- mwendo umodzi ukuloza kudenga
- misomali yotsala yodzaza dzanja
- chala chotupa

Ndaimbira Mayi Banda a ku Gorbals, eni mabokosi aja. Muli zovala, mapoto ndi njinga yopanda gudumu, zonse zikudikira kontena yopita kumudzi. "Inyamuka posachedwa, achemwali, pirirani." Chaka chatha ananenanso chimodzimodzi. Ndawafotokozera za Lachisanu, andilonjeza kuti atumiza amuna awo ndi galimoto.

Bambo Banda afikadi. Abweretsa mabokosi ena!

Lachinayi

Ndaimbira amayi kumudzi, poti mwina ofesi yatsopanoyi idzafuna kumva maganizo a achibale. Amayi akuti: "Mwana amapemphedwa ku khonsolo? Ine ndalera ana onse a malemu achemwali anga, palibe anabwera kudzayeza mawindo." Ndafotokoza kuti tsopano si khonsolo imodzi, ndi angapo pamodzi. "Onsewo kukambirana za mwana mmodzi? Ndiye ndi mwana wamwayi."

Kenako awonjezera: "Akabwera undionetse. Ndimuyambire kuluka chipewa, kumeneko kukuzizira."

Chimene chikundivuta si penti ayi. Ndi kufotokozanso. Moira ndinamuuza zonse, nthawi zonse zimene ndinapita padera, chipatala, mmene ndinasiyira kupita kumaphwando a ana obadwa kumene. Zinanditengera miyezi kuti ndizitulutse m'kamwa, m'Chingerezi. Tsopano ndiyambirenso kwa mlendo, iye ali ndi cholembera m'manja. Ndayeserera pagalasi la kubafa. Ndafika pakati, ndatsegula mpopi kuti a Mbewe asamve.

Lachisanu

Ndapempha tchuthi kuntchito. Mandasi ndakazinga m'mawa. Mabokosi ndawaphimba ndi chitenje, akuoneka ngati guwa. A Mbewe avala tayi ndipo alumbira kuti za nkhumba sazitchula.

Tadikira. Tiyi wazizira. Foni!

Shona ali ku Pollokshields, pakhomo la nyumba imene tinasamukamo kalekale. Kompyuta ya ofesi yatsopano yamupatsa adiresi yakale, ndipo theka la fayilo yathu likadali mu kompyuta ya ofesi yakale, makompyuta awiriwo sakumvana. Kubwera kuno lero sangathe, wina akumudikira kutauni ina. Wapepesa kambirimbiri, mothamanga, m'Chingerezi chawo chakunochi. Ndamva theka.

Zimene ndamva ndi ziwiri. Akuti poti maofesi aphatikizana, angationetse ana a m'madera ena amene kale sitikanawamva n'komwe. Ndipo nditafunsa ngati ndidzafotokozenso zanga zija, wati adzawerenga kaye zimene Moira analemba, ine ndidzangonena zimene ndikufuna.

Koma zonsezi zichitika fayilo ikapezeka. Tsiku lina sanatchule.

A Mbewe avula tayi: "Ndiye nthabwala ndiyambirenso?"

Loweruka

A Mbewe akonza mwendo uja. Andiitana ndidzaone, akhala pabedi mwaulemu ngati mkulu wa mpingo. Phofo! Bedi pansi, iwo miyendo m'mwamba.

Ndaseka mpaka misozi. Kenako yangokhala misozi yokha.

Tadya mandasi a dzulo titakhala pansi, pakati pa matabwa. Iwo akuyang'ana khoma: "Alipo kwinakwake, mwina akudya chakudya cham'mawa pompano. Nayenso akudikira makompyuta omwewa." Sindinawamvepo akulankhula za mwanayo ngati munthu amene anabadwa kale.

Msana wa juzi yawo wadinda pakhoma. Penti sinaume.

Lamulungu

Sindikupanganso mapulani. Chitseko cha chipindacho ndachitseka, mawa ndili ndi shifiti ya m'mawa.

Kutchalitchi, kamdzukulu ka Mayi Banda, Tadala, kabwera kudzakhala pambali panga. Ndafunsa kuti uli bwanji, kayankha m'Chingerezi chakuno kuti "Aye, fine" osandiyang'ana. Ulaliki uli mkati kakwera pamiyendo panga, kagwira ndolo yanga, kagona. Kulemera kwake! Dovu lonse pabulauzi.

Mapemphero atha, anthu apita kukamwa tiyi kuholo. Dzanja langa lachita dzanzi mpaka paphewa. Amayi ake abwera akupukuta m'manja: "Pepani, anti, wakulemetsani. Ndimutenge?"

Ndati musiyeni kaye agone.